Chopangira khofi cha paulendo ndi kutchire: chiti chimapirira, chiti chimangooneka cholimba

Munthu akamafuna chopangira khofi choyenda nacho, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Kodi chikagwa chisweka?" Funsoli ndi labwino, koma si pamene pagona nkhani. Zopangira khofi zambiri zosalira magetsi n'zapulasitiki yolimba, aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo kugwera pamwala sizikuopa kwenikweni. Chimene chimamanitsa munthu khofi m'mawa kutchire chimakhala kanthu kakang'ono: labala yatha, kachivindikiro kagwera mu udzu usiku, mapepala osefera anyowa m'chikwama, kapena madzi otsukira aperewera. Ine poyesa kulimba ndimayamba n'kuwerenga tizigawo timene tingathe kutha kapena kutayika, kenako n'kufunsa kuti kamodzi kakasowa khofi apangikabe kapena ayi.

Zoyamba kuziganizira musanagule

Choyamba ndi kanyamulidwe. Woyenda pagalimoto alibe chifukwa chowerengera magalamu, pomwe wokwera phiri chikwama chili kumsana amamva kulemera kwa chilichonse pofika masana. Woyenda pandege naye ali ndi zake: botolo la gasi sililoledwa m'ndege, kaya m'chikwama cham'manja kapena m'katundu wamkulu, ndiye chopangira khofi chofuna moto wakewake chimakhala chopanda ntchito mpaka mutapeza gasi kumene mukupitako.

Chachiwiri ndi anthu omwa. Chinthu chopanga kapu imodzi n'chokoma mukakhala nokha, koma mukakhala asanu, womaliza amalandira khofi anzake atatsuka kale makapu.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi madzi otsukira. Kumene madzi mumachita kukatunga kutali kapena kuwanyamula m'botolo, chopangira khofi chofuna kutsukuluza kangapo chimadya madzi akumwa. Masese a khofi nawo satayidwa paliponse. Malangizo a m'malo ambiri otetezedwa ndi akuti munthu abwerere nawo pamodzi ndi zinyalala zina, ndipo ziwiya azitsukira pamtunda wa mamita pafupifupi 60 kuchokera kumtsinje kapena kunyanja. Choncho chopangira khofi chotulutsa masese ouma, ogwirana pamodzi, chili ndi mwayi waukulu kuposa chosiya matope pansi pa chiwiya.

Chachinayi ndi kutentha kwa madzi. Khofi wambiri amatuluka bwino ndi madzi a madigiri 90 mpaka 96. Pamalo otsika, ofanana ndi nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 100, koma pa mamita 300 alionse amene mwakwera, amawira msanga ndi digiri imodzi kapena kuyandikira pamenepo. Pa mamita 3,000 amakhala akubwata ali pa madigiri 90 okha, ndipo mphepo ya m'mawa imawaziziritsa mukangowaphula. Mlingo woyambira ndi umodzi pa njira zambiri: magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 15 pa kapu ya mamililita 250.

AeroPress

Anachipanga ndi Alan Adler wa ku America, ndipo chinayamba kugulitsidwa mu 2005. Ndi machubu awiri apulasitiki, ina imalowa mwa inzake. Mumathira khofi ndi madzi m'chubu yakunja, kutakasa, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kukankha chubu yam'kati kuti khofi adutse pa kapepala kozungulira kali kunsi.

Mtengo: wapakatikati. Chimaposa fanulo yapulasitiki, koma sichifika n'komwe pa tizipangizo ta espresso, khofi wochepa wamphamvu wopangidwa pokankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa m'khofi wosalala. Mapepala ake amabwera 350 m'paketi, ndipo limodzi mutha kulitsukuluza n'kuligwiritsanso ntchito kangapo.

Kupezeka: chimapezeka m'masitolo ogulitsa zida za khofi ndi pa intaneti. Mapepala ake simungawayembekezere m'golosale wamba, ndiye tengeranitu okwanira, kapena gulani kasefa kachitsulo kolowa m'malo mwake. Palinso mtundu waung'ono, AeroPress Go, umene unatuluka mu 2019, ndipo zonse zimalowa m'kapu yake yomwe.

Kasamalidwe: apa ndiye palibe chochiposa. Mukamaliza, mumamasula kachivindikiro ka kunsi, kukankha kamodzi, masese n'kutuluka onse pamodzi ali ogwirana, kapepala katamatirira pamwamba pake. Mumawagwetsera m'thumba la zinyalala, kupukuta labala, basi. Madzi odzaza supuni zingapo amakwanira. Labala ya kumapeto kwa chokankhira ndiyo imatha. Ikayamba kulowa mopepuka n'kumadutsitsa mpweya m'mbali, yafunika ina, ndipo imagulitsidwa payokha. Kuti ikhalitse, musamasunge chokankhira chitaima pakati pa chubu labala ili yopanikizika. Chikankhireni mpaka labala itulukire kumapeto, kapena sungani machubuwo padera.

Zovuta: kachivindikiro ka kunsi kakatayika, zonse zaima, ndiye kazoloweretseni malo amodzi. Pokankha pamafunika kapu yolimba ndi malo osapendekera. Kapu yopyapyala itakhala pamchenga imagubuduka, madzi otentha n'kukuthirani pamiyendo. Anthu ena amakonda kuchiimika chadodolido kuti khofi akhalitse m'madzi, n'kuchitembenuza pomaliza. Kukhitchini zimatheka, koma pansi posalingana, manja atauma ndi chisanu, ndi njira yowaukira. Chimapanga kapu imodzi, ngakhale mutha kupanga khofi wamphamvu n'kumusungunula ndi madzi otentha kuti akwanire awiri. Ubwino wina wa pamapiri: mwiniwake amalangiza madzi a madigiri pafupifupi 80 pa khofi wokazinga kwambiri, choncho madzi owira msanga sachivutitsa.

Fanulo yothira madzi pamwamba

Njira yosefa khofi ndi pepala inayamba ndi Melitta Bentz wa ku Dresden mu 1908. Lero mafanulo alipo ambirimbiri: Melitta, Hario V60 ya ku Japan, Kalita, ndi ena opindika opangira apaulendo.

Mtengo: fanulo yapulasitiki ndi imodzi mwa zotsika mtengo zedi pa zonse zili pano. Ndalama zimapitirira kutuluka pa mapepala.

Kupezeka: samalani apa, chifukwa mapepala si amodzi. A V60 ndi osongoka kunsi, a Melitta ali ndi msoko wautali kunsi, a Kalita Wave ndi amakwinya okhala ndi pansi pafulati. M'mayiko ambiri, amene mungawapeze mosavuta m'sitolo yazakudya ndi a mtundu wa Melitta. Kwa woyenda miyezi ingapo, chimenechi chokha chitha kusankhitsa fanulo.

Kasamalidwe: mumanyamula pepala ndi masese ake, kutaya m'thumba, kutsukuluza pang'ono. Palibe labala, palibe chomasula. Mapepala asungeni m'kathumba kosalowa madzi.

Zovuta: fanulo yadothi kapena yagalasi isiyeni kunyumba. Yapulasitiki ndi yopepuka, siisweka wamba, komanso siiba kutentha kwa madzi monga imachitira yadothi ikazizira. Vuto lenileni ndi kathiridwe. V60 ili ndi bowo lalikulu, ndiye imafuna madzi othira pang'onopang'ono mozungulira, ndipo kunyumba anthu amagwiritsa ntchito ketulo ya mlomo wautali. Poto wa kutchire amakhuthula madzi nthawi imodzi, amadutsa mothamanga, khofi n'kutuluka wamadzimadzi. Fanulo ya bowo laling'ono, monga Melitta, imadzichedwetsa yokha, ndipo imakhululukira dzanja losazolowera. N'chifukwa chake kutchire ine ndimaikonda kuposa V60, ngakhale kunyumba V60 itha kupanga khofi womveka bwino. Chinanso, madzi amakhala pambalambanda mphindi zitatu kapena zinayi, ndiye kukakhala mphepo khofi amafika m'kapu atazirala. Mafanulo opindika a silicone, chinthu chofewa ngati labala, amasunga fungo, ndipo ena amafooka m'mbali akadzaza madzi. Achitsulo olumikiza ndi olimba, koma yesani kaye ngati akukhazikika pakamwa pa kapu yanu.

Phin ya ku Vietnam

Ndi kakapu kachitsulo koboolaboola kunsi, kokhala ndi kambale koikira pakapu, kopsinjira khofi ndi kachivindikiro.

Mtengo: wotsika kwambiri, ndipo mukagula mwagula.

Kupezeka: pa intaneti ndi m'masitolo a katundu wa ku Asia. Sikafuna pepala kapena labala, ndiye palibe chokasaka m'tsogolo.

Kasamalidwe: kugogoda masese, kutsukuluza, kuumitsa. Timabowo tikatsekeka, mswachi wakale umatsegula.

Zovuta: kamadontha mphindi zinayi kapena zisanu kuti katulutse khofi wochepa koma wamphamvu, ndipo kukazizira amazirala asanathe kudontha. Kukhazika kapu m'mbale ya madzi otentha kumathandiza. Kaaluminiyamu kamafwanyika mukakaponda, koma kamawongoleka ndi zala n'kupitiriza ntchito. Pa nkhani ya kulimba kokha, phin ndi amene ndingamuike patsogolo pa zonse.

French press

Ndi chiwiya chonga jagi chokhala ndi sefa ya mpini yotsitsira pansi. Setifiketi yodziwika ya umwini wa kapangidwe kake inalembetsedwa ndi Attilio Calimani wa ku Italy mu 1929. Khofi wogaya mokhakhala ngati mchenga amakhala m'madzi otentha mphindi zinayi, kenako mumatsitsa sefa yachitsulo kuti masese apite pansi.

Mtengo: yagalasi ndi yotchipa, koma imeneyo tisaiwerengere n'komwe paulendo. Yachitsulo ya makoma awiri ndi yokwererapo mtengo.

Kupezeka: pafupifupi paliponse pogulitsa ziwiya zakukhitchini. Opanga masitovu apaulendo monga Jetboil ndi MSR amagulitsanso sefa yokhala ndi mpini wake yolowa m'poto wa sitovuyo, kuti poto yemweyo asanduke French press. Zimachepetsa katundu, koma khofi amatha kumveka ndiwo za dzulo ngati poto sanatsukidwe bwino.

Kasamalidwe: apa ndiye pali ntchito. Masese amatsala pansi ali phalaphala, ena atakakamira pakati pa sefa ndi timbale take. Kuti zichoke mumafunika kupala ndi supuni, kutsukuluza kawiri kapena katatu, ndipo nthawi ndi nthawi kumasula sefa yonse. Pamsasa wokhala ndi mpopi si nkhani. Pamene madzi ndi a m'botolo, mudzaidandaula. M'chipinda cha alendo musakhuthulire masesewo m'sinki, amatseka mapaipi.

Zovuta: m'mphepete mwa sefa mukapindika chifukwa chopanikizika m'chikwama, masese amadutsa m'mbali. Isungeni sefa ili m'kati mwa chiwiya chake. Khofi akakhala wosalala kwambiri sefa imalimba kutsika, ndipo mukaikakamiza khofi wotentha amathovokera kumlomo. Pali nkhani ina ya thanzi yoyenera kuidziwa: khofi wosadutsa papepala amakhala ndi mafuta otchedwa cafestol, amene amakweza cholesterol m'magazi kwa womwa wambiri tsiku ndi tsiku. Masiku ochepa a ulendo si odetsa nkhawa, koma amene adokotala anamuchenjeza kale za cholesterol angachite bwino kutsamira ku njira za pepala. Ubwino wake sitingaubise: lita yathunthu nthawi imodzi, palibe luso lofunika, ndipo yamakoma awiri imasunga kutentha ngakhale kunja kukuzizira.

Moka

Kapoto ka ngodya zisanu ndi zitatu kamene Alfonso Bialetti anatulutsa ku Italy mu 1933. Madzi amakhala kunsi, khofi m'kafanulo ka pakati, ndipo nthunzi imakankha madzi kukwera kudutsa m'khofi mpaka m'chipinda cha pamwamba. Mphamvu yokankhira madziyo, imene imayezedwa mu bar, ndi ya bar imodzi kapena ziwiri, pomwe espresso weniweni amafuna pafupifupi 9, choncho khofi wake ndi wamphamvu koma si espresso, kaya bokosi linene zotani.

Mtengo: yaaluminiyamu si yodula. Yachitsulo chosachita dzimbiri imakwera pang'ono.

Kupezeka: imapezeka m'mayiko ambiri. Chofunika kusamala ndi labala yake, chifukwa imasiyana malinga ndi kukula kwa poto ndi kampani. Gulani yapadera tsiku lomwelo, muiponye m'chikwama. Dziwaninso kuti makapu olembedwa pabokosi ndi timakapu ting'onoting'ono. Moka ya makapu atatu siidzaza kapu imodzi yaikulu, ndipo siipanga bwino mukaithira theka, ndiye gulani ya saizi imene mudzamwadi.

Kasamalidwe: kudikira kuti izizire, kumasula, kugogoda masese, kutsukuluza, kuumitsa. Yaaluminiyamu mukaitsekera ili yonyowa imachita mawanga otuwa m'kati. Labala imauma n'kuyamba kudontheza nthunzi m'chiuno mwa poto, ndipo mukaiiwala pamoto madzi atatha, imapsa tsiku lomwelo.

Zovuta: thupi lake litha kukhala zaka makumi, koma chogwirira chapulasitiki chimasungunuka malawi akatuluka m'mbali. Pamoto wa nkhuni ikhazikeni pamakala a m'mphepete, chogwirira chitaloza kunja. Pa kasitovu ka gasi, tsinde la moka yaing'ono limatha kukhala lochepa kuposa mpata wa timiyendo ta sitovu, n'kumapendama. Yesani zimenezi musananyamuke, ndipo ngati sizikugwirizana pezani kawaya koyala pamwamba. Madzi asapitirire kavalavu ka m'mbali, khofi musamutsendere, ndipo kavalavuko kazikhala koyera, chifukwa ndiko kamatulutsa nthunzi njira ikatsekeka. Ikayamba kulira kuti fwo fwo, iphuleni, apo ayi khofi amawawa. Yaaluminiyamu siigwira pa sitovu ya induction, yamagetsi yotenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, ndipo ndi ketulo yamagetsi yokha ya m'chipinda cha alendo simungapange nayo kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna chimveke bwino. Mu moka, madzi oyamba amakwera asanawire bwinobwino. Ngati madzi anu ndi a mumtsinje, musadalire moka kuti ipha tizilombo. Awiritseni kaye padera kwa mphindi imodzi akubwata, kapena mphindi zitatu mukakhala pamwamba pa mamita 2,000, kenako muwathire m'moka.

Tizipangizo ta espresso topopa ndi manja

Pali tina monga Nanopresso ndi Picopresso ta kampani ya Wacaco.

Mtengo: wokwera kuposa zonse tatchulazi, ndipo kuti espresso atuluke bwino pamafunikanso chigayo chabwino, chimene nacho si chotchipa.

Kupezeka: kawirikawiri pa intaneti, pamodzi ndi tizigawo take.

Kasamalidwe: tizigawo n'tambiri, timalabala n'tambiri, ndipo chilichonse chimafuna kutsukidwa n'kuumitsidwa. Musanapange khofi mumayenera kuyamba mwatenthetsa chipangizocho ndi madzi owira, kutanthauza madzi ena ndi gasi wina.

Zovuta: kalabala kamodzi kakang'ambika mphamvu yopopa imathawa, ndipo kutchire mulibe chochita. Kwa wokonda espresso amene akuyenda m'mizinda, chimasangalatsa. Kwa wofuna cholimba, si pano.

Poto wamba

Mtengo: palibe. Kupezeka: muli naye kale. Kasamalidwe: n'chimodzimodzi French press, masese onyowa pansi. Zovuta: timasese m'kapu, komanso khofi wowawa ngati mwamusiya akubwata pamoto.

Kapangidwe kake n'koyenera kukadziwa ngakhale mutagula china. Wiritsani madzi, phulani, dikirani theka la mphindi, thirani khofi wokhakhala, takasani, vindikirani mphindi zinayi. Mukawaza madzi ozizira pang'ono pamwamba, masese amafulumira kukhazikika. Tsanulirani mofatsa, otsalira a pansi muwasiye. Kansalu koyera pakamwa pa kapu kamagwira otsalawo. Tsiku limene kachivindikiro kasowa kapena mapepala anyowa, njira imeneyi ndiyo imakuombolani.

Za chigayo ndi moto

Ulendo wa masiku ochepa sufuna chigayo. Gayiranitu kunyumba molingana ndi chopangira chanu, mutsekere m'kabotolo kosalowa mpweya. Ulendo ukakhala wa milungu, kachigayo kopukusa ndi manja kamapindulitsa, ndipo ka mano achitsulo kamapirira kugwa kuposa ka mano adothi, amene amatha kuthetheka. Nthawi zambiri chigayo chimalemera kuposa chopangira khofi chenichenicho, ndiye muchiwerengere pa katundu.

Kunja kukazizira, mtima umafuna kuyatsira sitovu m'tenti. Musatero. Moto wa gasi kapena wa makala pamalo otsekeka umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, suoneka, koma umapha. Kumadera a zimbalangondo, khofi ndi masese ake zimasungidwa pamodzi ndi chakudya, kutali ndi pogona.

Ndiye mutenge chiti?

Ngati mukuyenda nokha kapena awiri, wapansi, madzi ali owerengeka, tengani AeroPress ndi mapepala okwanira m'kathumba kosalowa madzi. Ndi imene imagwirizanitsa bwino kukoma, kupepuka ndi kusavuta kutsuka, ndipo pamapiri aatali imapambana fanulo chifukwa khofi amakhala m'madzi momwemo m'malo modikira madzi odutsa.

Ngati galamu iliyonse mukuiwerenga, fanulo yopindika kapena phin ndi zokwanira, ndipo wolimba mtima angodalira poto. Pakati pa ziwirizi, wokonda kapu yaikulu ya khofi woyera atenge fanulo, wokonda wochepa koma wamphamvu atenge phin.

Ulendo wautali wodutsa mayiko angapo, kumene simukudziwa kuti masitolo akakhala ndi chiyani, umafuna chinthu chosadalira zogula: phin, kapena AeroPress yokhala ndi kasefa kachitsulo. Ngati pepala simungalisiye, sankhani fanulo yolandira mapepala a mtundu wa Melitta.

Woyendera ntchito, wogona m'zipinda za alendo momwe muli ketulo yamagetsi, asavutike ndi moka. AeroPress Go kapena fanulo yapulasitiki zimangofuna madzi otentha, ndipo sizisiya matope m'sinki ya eni ake.

Banja kapena gulu loyenda pagalimoto, pamsasa wokhala ndi madzi, litenge French press yachitsulo ya lita imodzi kapena kuposerapo. Anthu akapitirira asanu ndi mmodzi, poto wamkulu ndi kansalu kosefera zimafulumira kuposa kupanga kawiri.

Moka ndi ya munthu amene amamwa khofi wamphamvu wothira mkaka, ali ndi sitovu yosinthika moto, ndipo sakunyamula katundu kumsana. Atenge yachitsulo ngati akufuna kuti izigwiranso pa induction, ayang'ane kaye pabokosi ngati inalembedwa kuti imatero, ndipo labala yapadera ikhale m'kati mwa potomo ponyamuka.